Kulera ana osowa chisamaliro m'banja lina ku Kande, Nkhata Bay

Kulera mwana m'banja lina ndi ndondomeko imene mwana wosowa chisamaliro amaikidwa m'manja mwa munthu kapena banja limene silinamubereke, kuti limusunge, kumudyetsa, kumuphunzitsa ndi kumuteteza kwa kanthawi kapena mpaka atakula. M'Chingerezi ndondomekoyi imatchedwa foster care, ndipo munthu wolandira mwanayo amatchedwa kholo lolera. M'Malawi ntchitoyi imayendetsedwa ndi ofesi ya chisamaliro cha anthu ya pa khonsolo ya boma, imene ambiri amangoitchula kuti Social Welfare, motsatira lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la chaka cha 2010. Kwa anthu a ku Kande ndi madera ena a Chintheche, ofesi imene ili ndi udindo umenewu ndi ya khonsolo ya Nkhata Bay.

Ana ambiri a m'Malawi amene sakhala ndi makolo awo amaleredwa ndi achibale mwachikhalidwe, popanda kulemberana kalata iliyonse. Kulera kodzera ku boma kumabwera pamene achibale palibe, alephera, kapena pamene mwanayo ali pachiopsezo pakhomo pomwe akukhala.

Kande ndi anthu ake

Kande ndi dera la m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, kummwera kwa Chintheche, m'boma la Nkhata Bay m'chigawo cha Kumpoto. Msewu wa M5, wochokera ku Salima kudzera ku Nkhotakota ndi Dwangwa, umadutsa pa msika wa Kande polowera ku Chintheche ndi ku Nkhata Bay. Derali lili pansi pa Mfumu Yaikulu Fukamapiri, ndipo anthu ake ambiri ndi Atonga, ngakhale Chichewa ndi Chitumbuka zimamvekanso pamsika ndi padoko. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'boma lonse la Nkhata Bay muli anthu pafupifupi 285,000, mwa anthu oposa 17.5 miliyoni a m'dziko lonse.

Mabanja ambiri amadalira usodzi wa usipa, utaka ndi nsomba zina, ulimi wa chinangwa chimene amaphikira kondowole, mpunga wa m'madambo, komanso ntchito za m'malo ogona alendo monga Kande Beach. Chinanso chodziwika ndi ulendo wokasaka ntchito kunja. Kuyambira nthawi imene mishoni ya Livingstonia inakhazikika pa Bandawe mu 1881, pansi pa Robert Laws, Atonga ambiri anaphunzira sukulu msanga nayamba kupita ku Zimbabwe, Zambia ndi South Africa. Mmodzi wodziwika mwa iwo ndi Clements Kadalie wa m'mudzi wa Chifira pafupi ndi Bandawe, amene anatsogolera bungwe la ogwira ntchito la ICU ku South Africa kuyambira mu 1919. Ena ankabwerera, ena ankasanduka matchona. Mpaka lero achinyamata ambiri a ku Nkhata Bay amapita ku Joni, ndipo ana awo amatsala ndi agogo, azakhali kapena amalume. Motero kukula m'nyumba ya munthu amene sanakubale si chinthu chachilendo m'derali.

Kulera ana pachikhalidwe

Pamiyambo ya mitundu yambiri ya m'Malawi, mwana sakhala wa bambo ndi mayi ake okha koma wa mtundu wonse. Mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe umafotokoza maganizo amenewa. Kholo likamwalira, akuluakulu a mbali zonse ziwiri amakumana maliro akatha n'kugwirizana za amene atenge anawo. Pakati pa Achewa ndi Ayao, kumene ana amatsata mtundu wa mayi, mwinimbumba, yemwe kawirikawiri amakhala malume wawo, ndiye amakhala ndi mawu aakulu. Pakati pa Angoni ndi Atumbuka a ku Mzimba, kumene kuli malowolo, ana amawerengedwa a kuchimuna.

Atonga a m'mphepete mwa nyanja ali pakati pa miyambo iwiriyi. Katswiri wa za chikhalidwe Jaap van Velsen, amene anakhala pakati pawo m'zaka za m'ma 1950 nalemba buku la The Politics of Kinship lotuluka mu 1964, anafotokoza kuti Atonga amawerenga mtundu kudzera kwa mayi, komabe mkazi amakakhala kumudzi kwa mwamuna. Chifukwa cha ichi mbali zonse ziwiri zimakhala ndi chonena pa ana. Ubwino wake ndi wakuti mwana amakhala ndi makomo ambiri oti angalandiridwe. Kuipa kwake ndi kwakuti kholo likafa pamatha kubuka mkangano wa kumene mwana akhale, makamaka ngati pali nyumba, bwato, ukonde kapena munda umene malemuwo asiya.

Kafukufuku wa za chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa mu 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwana mmodzi mwa asanu aliwonse m'Malawi sakhala ndi kholo lomubereka ngakhale limodzi, ndipo ana 12 mwa 100 aliwonse anataya kholo limodzi kapena onse awiri. Unyinji wa ana amenewa uli m'manja mwa achibale, makamaka agogo aakazi.

Mbiri ya ndondomeko ya boma

M'nthawi ya atsamunda, boma la Nyasaland linakhazikitsa lamulo la Adoption of Children Act mu 1949, lokhudza kutenga mwana kuti akhale wako mpaka kalekale. Nkhani ya ana amasiye a m'midzi inasiyidwa kwa achibale ndi mamishoni. Zinthu zinasintha pamene Edzi inafika. Odwala oyamba anapezeka m'Malawi mu 1985, ndipo m'zaka za m'ma 1990 imfa za makolo achichepere zinachuluka kotero kuti agogo ambiri anatsala ndi zidzukulu zochokera m'nyumba ziwiri kapena zitatu.

Mu 1992 boma linatulutsa mfundo zoyamba zotsogolera kasamalidwe ka ana amasiye. Mfundozo zinati mwana asamalidwe kumudzi kwawo ndi achibale, achibale akalephera apite kubanja lina lomulera, ndipo nyumba zosungira ana amasiye zikhale njira yomaliza. Mu 2003 kunatuluka ndondomeko ya dziko yoona za ana amasiye ndi ena ovutika. Kuyamba kwa mankhwala aulere otalikitsa moyo mu 2004 kunachepetsa imfa za makolo, koma umphawi, kutha kwa mabanja ndi maulendo okasaka ntchito zinapitiriza kulekanitsa ana ndi makolo awo.

Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa ana mu 1991, ndiponso pangano la maiko a mu Africa la ufulu ndi chisamaliro cha mwana mu 1999. Mu 2009 msonkhano waukulu wa United Nations unalandira malangizo a kasamalidwe ka ana amene sali ndi makolo awo. Malangizowo ali ndi mfundo ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba ndi yakuti mwana asachotsedwe pakhomo pokhapokha ngati palibe kuchitira mwina, ndipo umphawi pawokha usakhale chifukwa chomuchotsera. Yachiwiri ndi yakuti akachotsedwa, apite kumalo oyenerana ndi iyeyo, ndipo ana osafika zaka zitatu aleredwe m'banja osati m'nyumba ya ana ambiri.

Zimene malamulo amanena

Gawo 23 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limapereka ufulu kwa ana onse, kuphatikizapo ufulu wodziwa makolo awo ndi kuleredwa nawo. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 linasonkhanitsa pamodzi nkhani za udindo wa makolo, ana osowa chitetezo, oyang'anira ana, makolo olera, udindo wa makhonsolo, ndi kaweruzidwe ka ana olakwira malamulo. Pamene lamuloli linkapangidwa, mwana ankatanthauza munthu wosafika zaka 16, koma mu Febuluwale 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo oyendetsera dziko kuti mwana akhale aliyense wosafika zaka 18.

Lamuloli limapatsa khonsolo iliyonse udindo woteteza ana a m'dera lake, kuyanjanitsa makolo ndi ana pakakhala kusamvana, ndiponso kupezera malo mwana wotayika, wotayidwa kapena wothawa nkhanza. Zimenezi zikugwirizana ndi lamulo la maboma aang'ono la 1998, limene linatsitsira mphamvu zambiri kumakhonsolo. Choncho mwana wa ku Kande amene alibe womusunga amakhala udindo wa khonsolo ya Nkhata Bay, yotsogozedwa ndi bwanamkubwa, kudzera mwa mkulu wa ofesi ya Social Welfare. Unduna woona za ana ndi chisamaliro cha anthu ku Lilongwe umapereka mfundo ndi kuyang'anira ntchitoyo.

Wapolisi, wogwira ntchito za chisamaliro cha anthu, mfumu, ngakhale munthu wamba, akaona mwana amene ali pangozi angathe kumutengera kumalo otetezeka, koma nkhaniyo iyenera kufika ku khoti la ana pasanathe maola 48. Khoti ndilo limagamula ngati mwanayo akusowadi chisamaliro ndi chitetezo, ndiponso kumene akhale. Pa chigamulo chilichonse, chimene chimatsogola ndi ubwino wa mwanayo, osati zofuna za akuluakulu.

Ana amene amafunika makolo olera

Si mwana wamasiye aliyense amene amafunika kholo lolera, ndipo si mwana aliyense wofunika kholo lolera amene ali wamasiye. Ana amene nkhani zawo zimafika ku ofesi ya boma nthawi zambiri ndi awa:

- makanda amene mayi awo amwalira pobereka ndipo achibale alibe mkaka kapena mphamvu zowasamalira;
- makanda otayidwa amene makolo awo sakudziwika;
- ana ochitidwa nkhanza, ogwiriridwa kapena omanidwa chakudya pakhomo pomwe akukhala;
- atsikana ochotsedwa m'maukwati a ana amene sangabwerere msanga kwa makolo omwe anawakwatitsa;
- ana amene kholo lawo lokhalo lili kundende, likudwala kwambiri kapena likudwala matenda a maganizo;
- ana okhala okha m'nyumba, wamkulu akulera azing'ono ake;
- ana olumala amene akubisidwa kapena kusalidwa;
- ana opulumutsidwa kwa ozembetsa anthu kapena ku ntchito zoposa msinkhu wawo.

M'madera a usodzi monga Kande mumapezekanso anyamata amene amasiya sukulu n'kumagona padoko, akuthandiza kukoka makoka, kupalasa ngalawa ndi kuyanika usipa. Ena mwa iwo ali ndi makolo, ena amachokera m'makomo amene mulibe wamkulu wowayang'anira. Palinso ana amene makolo awo anapita ku South Africa n'kusiya kutumiza thandizo, pamene agogo amene anatsala nawo akalamba.

Mmene munthu amakhalira kholo lolera

Munthu wofuna kulera mwana kudzera ku boma safunika kukhala wolemera kapena wophunzira kwambiri. Chimene chimafunika ndi kukhala munthu wamkulu wa mbiri yabwino, wathanzi lokwanira kusamalira mwana, wokhala ndi pokhala pokhazikika ndi njira yopezera chakudya. Ndondomeko yake imayenda motere.

1. Kufunsa ndi kulembetsa. Munthu amayamba wakambirana ndi wogwira ntchito yoteteza ana wa m'dera lake kapena kupita yekha ku ofesi ya Social Welfare paboma. Kumeneko amalemba fomu yofotokoza dzina lake, zaka, banja lake, ntchito, ndi chifukwa chimene akufunira kulera mwana. Amasonyeza chiphaso cha unzika, ndipo kalata ya nyakwawa kapena gulupu imathandiza kutsimikiza kumene amakhala.

2. Kuunika pakhomo. Wogwira ntchito wa boma amayendera nyumbayo kukaona pogona, chimbudzi, kumene amatunga madzi, kutalika kwa sukulu ndi chipatala, ndi chakudya chimene banjalo lili nacho. Amacheza ndi mwamuna ndi mkazi, ndiponso ana a pakhomopo, popeza mwana wolandiridwa ndi mmodzi yekha pamene ena sakumufuna amakhala movutika.

3. Umboni wa anthu ena. Ofesi imafunsa anthu odziwa bwino banjalo, monga mafumu, atsogoleri a mpingo kapena mzikiti, aphunzitsi ndi anansi. Imafufuzanso ngati m'nyumbamo muli munthu amene anapalamulapo mlandu wokhudza nkhanza.

4. Kukonzekeretsa. Banja likavomerezedwa limalangizidwa za ufulu wa ana, kadyetsedwe, kalangidwe kopanda kumenya, ndi makhalidwe amene mwana wodutsa m'zowawa amatha kuonetsa, monga kukodza pogona, kubisa chakudya, kusayankhula kapena kupsa mtima msanga.

5. Kusankha banja loyenera mwanayo. Ofesi imayang'ana msinkhu wa mwana, thanzi lake, chiyankhulo, chipembedzo ndi chikhalidwe cha kwawo. Mwana wa ku Kande amayenera kupeza banja la kufupi, kuti asasiye sukulu, anzake ndi Chitonga chimene anakulira. Ana a mimba imodzi amayesetsa kuti asawalekanitse. Mwana wotha kufotokoza maganizo ake amafunsidwa.

6. Kupereka mwana. Kholo lolera limasaina lonjezo lakuti lidzasamalira mwanayo ngati wake, lidzamutumiza kusukulu ndi kuchipatala, ndipo lidzalola ogwira ntchito a boma kumuyendera. Mwanayo amapimidwa kuchipatala ndipo mbiri yake imasungidwa mu fayilo ku ofesi.

7. Kuyendera. Wogwira ntchito wa boma amabwera nthawi ndi nthawi kudzaona mmene mwana akukhalira, ndipo amayankhula naye payekha. Akapeza kuti mwana sakusamalidwa, ofesi ili ndi mphamvu yomuchotsa.

Udindo ndi malire a kholo lolera

Pa nthawi imene mwana ali m'manja mwake, kholo lolera limakhala ndi udindo wa tsiku ndi tsiku wofanana ndi wa kholo lobereka: chakudya, zovala, pogona, sukulu, chipatala ndi malangizo. Ngati mwanayo ndi wamng'ono, kholo limasunga buku lake la kusikelo ndi kuonetsetsa kuti katemera akutha. Ngati ali pa mankhwala a ma ARV, limaonetsetsa kuti akumwa tsiku lililonse ndipo limasunga chinsinsi chake. Anthu a ku Kande amathandizidwa pa chipatala chaching'ono cha Kande, ndipo matenda aakulu amatumizidwa ku Chintheche kapena ku chipatala chachikulu cha Nkhata Bay.

Komabe pali malire. Mwanayo sasiya kukhala wa mtundu wake. Dzina lake ndi mfunda wake sizisintha, ndipo ali ndi ufulu wodziwa abale ake ndi kuchezerana nawo ngati kutero sikumuika pangozi. Kholo lolera silingamupereke kwa munthu wina, kusamuka naye kupita kutali kapena kutuluka naye m'dziko mosadziwitsa ofesi. Likadwala kwambiri, mwana akathawa, akavulala kapena akamwalira, ofesi iyenera kuuzidwa msanga. Kumugwiritsa ntchito ngati wantchito wa m'nyumba, kumutumiza kunyanja nthawi ya sukulu, kapena kumukwatitsa asanakwane zaka 18 ndi kuphwanya malamulo.

Chuma chimene makolo a mwana anasiya ndi cha mwanayo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, lotchedwa Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, linaika kulanda katundu wa amasiye kukhala mlandu. Munthu wolera mwana sakhala mwini wa nyumba kapena munda wa mwanayo chifukwa chomusunga.

Kulera kumatha pamene mwana wabwerera kwa makolo kapena achibale ake, pamene watengedwa mwalamulo kukhala mwana wa banja lina, pamene wakula, kapena pamene ofesi kapena khoti laona kuti asamukire kwina. Cholinga choyamba nthawi zonse ndi kumubwezera kwawo zinthu zikakhala bwino. Ichi ndi chimene chimawawa makolo olera ambiri, chifukwa amayenera kukonda mwana ndi mtima wonse akudziwa kuti tsiku lina angadzachoke.

Kusiyana ndi kutenga mwana mpaka kalekale

Anthu ambiri amasokoneza kulera mwana ndi kumutenga mwalamulo, kumene m'Chingerezi amati adoption. Pa kutenga mwalamulo, khoti limadula ufulu ndi udindo wa makolo obereka n'kuupereka kwa makolo atsopano mpaka kalekale, ndipo mwanayo amawerengedwa ngati wobadwira m'banjamo. Lamulo la 1949 limafuna kuti wotenga mwana akhale wa zaka zosachepera 25, ndiponso wamkulu kuposa mwanayo ndi zaka zosachepera 21, kupatula pa zifukwa zina zimene khoti lingavomereze.

Nkhaniyi inamveka dziko lonse pamene woimba wa ku America, Madonna, anapatsidwa chilolezo chongoyembekezera chotenga mwana wa ku Mchinji mu Okutobala 2006, chimene chinatsimikizidwa mu 2008. Mu Epulo 2009 khoti lalikulu linamukaniza kutenga mwana wachiwiri chifukwa sanali wokhala m'Malawi, koma khoti la apilo linasintha chigamulocho mu Juni chaka chomwecho. Milanduyi inadzutsa mtsutso wa ngati mwana wa ku Malawi ayenera kutumizidwa kunja pamene njira zomusamalira m'dziko momwemo sizinathe.

Nyumba zosungira ana ndi kubwezera ana m'mabanja

M'zaka za mliri wa Edzi, mipingo ndi mabungwe anamanga nyumba zambiri zosungira ana amasiye. Bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission litayendera nyumbazi linapeza ana oposa 10,000 mu 2014, ndi pafupifupi 8,000 mu 2017. Linapezanso kuti nyumba zambiri sizinalembetsedwe kuboma, ndipo ana ambiri anali ndi kholo limodzi lamoyo kapena achibale odziwika. Chimene chinawafikitsa kumeneko nthawi zambiri chinali umphawi ndi kufuna sukulu. Boma, mothandizidwa ndi UNICEF, linayamba ntchito yobwezera ana m'mabanja, poyambira m'maboma a Blantyre, Lilongwe, Dedza ndi Mangochi.

Chifukwa cha ntchitoyi chili mu zimene akatswiri apeza. Kafukufuku wodziwika kwambiri anachitika ku Bucharest m'dziko la Romania kuyambira mu 2000, pa ana 136 a m'nyumba zosungira ana. Theka la anawo linapita kwa makolo olera, ena anatsala. Amene anapita m'mabanja anakula bwino m'nzeru, m'kayankhulidwe ndi m'kakhalidwe ndi anthu, makamaka amene anachoka asanakwane zaka ziwiri. Mwana wamng'ono amafuna munthu mmodzi wokhazikika womunyamula, kumuyankha ndi kumudziwa, chimene chimavuta kumene olera amasinthana ndipo mmodzi amayang'anira makanda ambiri. Mwana wokulira m'nyumba yotere amatayanso malo ake kumudzi, ndipo akakula amatha kusowa munda ndi achibale omuimira pa ukwati kapena pa maliro.

Mabungwe ena amagwira ntchito pakati pa njira ziwirizi. Open Arms ku Blantyre ndi Mangochi, ndiponso nyumba ya makanda ya Ministry of Hope ku Mzuzu, amasunga makanda amene mayi awo amwalira kufikira atalimba, kenaka n'kuwabwezera kwa achibale. SOS Children's Villages, imene ilinso ku Mzuzu, imalera ana m'timabanja ting'onoting'ono ndi kuthandiza mabanja a m'midzi kuti asapatukane.

Thandizo limene limapezeka

Malawi alibe ndalama yapadera ya mwezi ndi mwezi imene boma limapereka kwa kholo lililonse lolera. Mabanja amadalira thandizo limene limafika kwa ovutika onse. Mtukula Pakhomo, ndondomeko yopereka ndalama imene inayamba ku Mchinji mu 2006 n'kufalikira m'maboma onse 28, imathandiza makomo osaukitsitsa amene alibe anthu amphamvu zogwira ntchito, ndipo imawonjezera kangachepe pa mwana aliyense wa pasukulu. Makomo ambiri a agogo olera zidzukulu ali m'gulu limeneli. Maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira mu 1994, ndipo makhonsolo ndi mabungwe amathandiza ophunzira ena ovutika a ku sekondale.

M'midzi muli sukulu za mmera mpoyamba zoyendetsedwa ndi anthu odzipereka, kumene ana aang'ono amasewera, kuphunzira ndi kumwa phala. Bungwe la Ripple Africa, limene lili ku Mwaya kufupi ndi Kande kuyambira mu 2003, limathandiza sukulu zoterezi m'derali. Palinso makomiti oteteza ana, magulu a amayi a m'sukulu, mabanki a m'mudzi, ndi magulu a amayi a m'mipingo monga Umanyano wa CCAP. Nkhanza kwa mwana zimanenedwa kwa mfumu, ku nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa, kapena pa nambala yaulere ya 116.

Mavuto

Vuto lalikulu ndi kuchepa kwa ogwira ntchito ndi ndalama. Ofesi imodzi paboma imayang'anira nkhani za ana, okalamba, olumala ndi mabanja a boma lonse, ndipo Nkhata Bay ndi boma la mapiri, lokhala ndi madera ena ofikika pa boti pokha. Galimoto kapena mafuta zikasowa, maulendo oyendera ana amachepa. Kwa munthu wa ku Kande, kupita kuboma kumafuna ndalama ya minibasi imene banja losauka limaiona kuti ndi ya chakudya.

Lachiwiri ndi lakuti kulera kwa achibale sikulembedwa. Ana ambiri amasamalidwa bwino m'njira imeneyi, koma popeza palibe wowayendera, amene akuzunzika saoneka msanga. Mwana wolera amatha kudya pambuyo pa ana a mwini nyumba, kupatsidwa ntchito zambiri, kapena kukhala woyamba kusiyitsidwa sukulu ndalama zikachepa. Kulembetsa ana obadwa, kumene kunakhala kokakamiza m'dziko lonse mu 2015 pansi pa National Registration Bureau, kumathandiza kudziwa zaka za mwana ndi makolo ake, koma ana ambiri okulirapo alibe kalata yobadwira.

Lachitatu ndi maganizo a anthu. Ena amaopa kutenga mwana wosakhala wa magazi awo poganiza za maliro, mizimu ya kwawo kwa mwanayo, kapena kunenedwa ngati mwanayo atadwala. Ena amaopa kuti achibale amene sanaoneke pa nthawi ya mavuto adzatulukira mwana akayamba ntchito. Makanda aakazi athanzi amapeza mabanja msanga kusiyana ndi anyamata okulirapo, ana olumala ndi ana odwaladwala. Pa mavuto amenewa mafumu ndi atsogoleri a zipembedzo ali ndi gawo lalikulu, chifukwa mwana woperekedwa pamaso pa mfumu ndi mboni za mbali zonse amakhala wotetezeka kuposa woperekedwa mwamseri.

Mmene zilili m'maiko ena

Ku South Africa, kumene kuli Amalawi ambiri ochokera ku Nkhata Bay, khoti la ana ndilo limaika mwana kwa kholo lolera motsatira Children's Act ya 2005, ndipo boma limapereka ndalama ya mwezi ndi mwezi kudzera ku SASSA. Ku Zambia malamulo okhudza ana anasonkhanitsidwa mu Children's Code Act ya 2022. Rwanda inayamba mu 2012 kutseka nyumba za ana amasiye ndi kutumiza ana m'mabanja, mothandizidwa ndi makolo olera odzipereka otchedwa Malayika Murinzi. Ku England, makhonsolo ndiwo amasunga ana ochotsedwa m'makomo motsatira Children Act ya 1989, ndipo ambiri mwa anawo amakhala ndi makolo olera amene amaphunzitsidwa, kuyenderedwa ndi kulandira ndalama zosamalira mwanayo.